Chigayo cha ku Berlin

Amalume anga ndi amene anayamba kulitcha choncho gulu loimba la ku Germany la Rammstein. Tsiku limenelo ndinali nditakhala pa chitini cha penti kuseri kwa shedi yawo ku Ndirande, timahedifoni tili m'makutu, mutu ukugwedezeka wokha. Iwo anazimitsa makina owotcherera, anakweza chigalasi chakuda chija pamphumi, n'kundikodola. "Tabwera nazo kuno mphwanga, timveko zimene zakugwira mutu." Ndinawapatsa. Anamvetsera mphindi yathunthu osaphethira, kenako anati, "Ichi ndi chigayo. Koma mwini wake amachisamala, lamba ndi womanga bwino, sichikuphonya." Anandibwezera timahedifoni n'kubwerera ku geti limene ankawotcherera. Mpaka lero sindinamvepo munthu akufotokoza nyimbo za Rammstein molondola kuposa pamenepo.

Munali mu 2007, ndili Fomu 2, zaka zanga 15. Gululi ndinali nditakumana nalo miyezi ingapo m'mbuyomo mu vidiyo sho, m'kanyumba kamatabwa kotchinga ndi mapepala akuda momwe tinkathithikana pamabenchi dzuwa likuswa mtengo kunja. Ankaonetsa xXx, filimu ya Vin Diesel ya mu 2002. Imayambira ku Prague, m'chinyumba chonga tchalitchi, ndipo pansanja pali amuna oimba amene akulavula malawi a moto weniweni kuchokera pa zitsulo zomangirira kumaso. Anzanga ankadikira mfuti ndi magalimoto. Ine ndinatsalira pa mphindi zoyambirirazo. Mawa lake ndinalipiranso, ndinapirira filimu yonse mpaka mayina akutsetsereka kumapeto, n'kulemba dzina la gululo kuchikuto cha kope la masamu, ma m awiri pakati.

Mnyamata wokopera anthu nyimbo pa kompyuta mumsika anafufuza m'mafoda ake onse, anapeza rege, nyimbo zauzimu, za ku Zambia, koma izi ayi. Amene anandithandiza ndi msuweni wanga wa ku Johannesburg, atabwera ku maliro a agogo. Ndinamuonetsa kope lija, anaseka, ndipo patapita miyezi iwiri anatumiza CD kudzera mwa munthu wa pa basi. Inalibe chikuto, anangolembapo ndi cholembera chakuda: Sehnsucht, Mutter. Zimbale ziwiri, cha mu 1997 ndi cha mu 2001.

Ndisanafike pamenepo, nyimbo kwa ine inali mawu. M'minibasi munkalira Black Missionaries, kutchalitchi kwaya, ndipo kusukulu tinkaloweza rap ya ku America kuti tizimveka odziwa Chingerezi. Nyimbo yabwino inali yomwe ndingathe kuibwereza pamaso pa anzanga osapunthwa lilime. Tsopano apa panabwera nyimbo zopitirira makumi awiri za Chijeremani, momwe sindinkamva ngakhale liwu limodzi. Makutu anasowa pogwira, ndiye anayamba kugwira zina. Ndinayamba kumva kuti magitala alipo awiri, a Richard Kruspe ndi Paul Landers, koma nthawi zambiri akuimba chinthu chimodzimodzi, kachidutswa kakafupi kobwerezabwereza kamene oimba amati riff, dzanja litapanikiza nsambo kuti mawu asatambasuke, azingotuluka odukaduka ngati nyundo pa chitsulo chochindikala. Ndinamva kuti Christoph Schneider sakongoletsa ng'oma, amangoiponda molunjika ngati msilikali pa perete. Ndinamva kuti pamwamba pa kulemera konseko pali kiyibodi ya Flake Lorenz, yopyapyala, nthawi zina yozizira ngati mphepo ya Chiperoni, ndipo kuti popanda iyo nyimbozo zikanakhala khoma lopanda zenera. Kenako mawu a Till Lindemann, otsika, ochokera pachifuwa, r wake akugudubuzika pakamwa. Ife amene l ndi r timawasinthanitsa osadandaula, r ameneyo anandimveka ngati chida choimbira pachokha.

Chomwe chinandisintha kwambiri ndi kubwereza. Ndinkaganiza kuti woimba waluso ndi amene amathamangitsa zala, amene amasintha nthawi zonse. Anthu awa amagwira chinthu chimodzi n'kukakamira pomwepo mpaka thupi ligonje, kenako amangochotsa gitala kwa kamphindi, pakhale zii, n'kubwerera nacho chonse. Mphamvu ili pa kachetechete kameneko. Ndinkapita kukagayitsa chimanga cha amayi, n'kuima pafupi ndi injini dala, kumvetsera mmene kulira kwake kumatsikira akathira chimanga chambiri, n'kukweranso chikachepa. Ndinkadutsa kwa okhoma ndowa ndi mbaula mumsika, nyundo zisanu zikugunda mosiyana koma zikukumana pena pake. Phokoso limeneli ndinakulira momwemo, Makata ali pafupi ndi mafakitale ake, koma ndinali ndisanalimvetserepo. Anyamata asanu ndi mmodzi a ku Berlin ndi amene ananditsegula makutu kuti ndimve Ndirande.

Kunyumba nkhani inali ina. Amayi ndi a Mvano, ndipo kwa iwo gitala yolira chonchi, mawu okhuthala chonchi, kunalibenso dzina lina koma usatana. Sindiwaimba mlandu, mphekesera za usatana zinali ponseponse masiku amenewo, ndipo mwana wodzitsekera m'chipinda ndi phokoso losamveka amaopsa kholo lililonse. Anandiitana madzulo ena akusenda mbatata. "Kodi zimene ukumverazi akuti chiyani?" Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa, koma kuti dzina la chimbale chimodzi limatanthauza amayi. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye ukadziwe zimene akunena za amayi akowo, udzandiuze." Ndinadzadziwa patapita zaka, pa intaneti ya mu kafe ku Limbe, kuti nyimbo ya dzina limenelo ndi ya munthu amene sanabadwe mwa mkazi, alibe mchombo, ndipo akulira mayi amene sanakhalepo, kulira kosakanikirana ndi mkwiyo. Ndinawafotokozera. Anangoti, "Ameneyo ndi wamasiye," ndipo kuyambira pamenepo ankangondiuza kuti nditsitse voliyumu. Sindinawauze za nyimbo zina, chifukwa zilipo zimene zimakamba zinthu zonyansa zenizeni, kudya munthu mnzako, kugonana pachibale, ndipo ine mwini zina mwa izo ndimazidumpha.

Mu kafe momwemo, ndikulipira pa mphindi, ndinayamba kutsata mizu. Ndinawerenga kuti gululi linayamba mu 1994, kuti dzina analitenga ku Ramstein, bwalo la ndege za nkhondo komwe mu Ogasiti 1988 ndege zinawombana pa chionetsero n'kupha anthu 70. Ndinawerenga kuti onse asanu ndi mmodzi anakulira ku East Germany, kuseri kwa chipupa cha Berlin chimene chinagwa mu 1989, kumene gulu loimba linkafunika chilolezo cha boma kuti liimbe pagulu, ndipo kuti Landers ndi Flake anali kale mu gulu la punk lotchedwa Feeling B nthawi imeneyo. Nditawauza amalume, anaika nyundo pansi. Iwo anakula nthawi ya Kamuzu, pamene tsitsi lalitali kwa mwamuna linali mlandu ndipo bungwe lounika mabuku ndi nyimbo linkasankhira anthu zoti amve. "Ndiye kuti chaka chomwe ife tinkavota chija, iwonso anali atangomasuka kumene," anatero. Ine ndinali ndi zaka ziwiri mu 1994, sindikanaziona choncho pandekha.

Kuchokera apo njira zinagawikana. Rammstein inanditengera kwa Ministry, gulu la Al Jourgensen la ku Chicago, ndi chimbale chawo Psalm 69 cha mu 1992, chothamanga komanso chaukali kuposa chilichonse chomwe ndinali nditamva. Inanditengera kwa Nine Inch Nails, chifukwa Trent Reznor ndiye anasonkhanitsa nyimbo za filimu ya David Lynch ya mu 1997 momwe munali nyimbo ziwiri za Rammstein, zimene zinathandiza kuti gululi limveke kunja kwa Germany. Kwa Depeche Mode ndinafikako mochita kukokedwa, popeza ndinkaona ngati ndi nyimbo zofewa, mpaka nditamva kuti Rammstein inaimbanso nyimbo yawo ina mu 1998, ndipo nditamvetsera bwino ndinapeza kuzizira komwe kuja kwa kiyibodi ya Flake. Kraftwerk ya ku Düsseldorf inabwera pambuyo pake.

Koma magulu awiri ndi amene anandikhala. Loyamba ndi Einstürzende Neubauten, la ku West Berlin, loyamba mu 1980, limene linkaimba ndi zitsulo zotola kudzala, mapaipi, masipuling'i, makina obowolera khoma. Nditaona kanema wawo koyamba ndinadzidzimuka, chifukwa zida zawo zonse zinalimo mu shedi ya amalume. Lachiwiri ndi Godflesh ya ku Birmingham, anthu awiri okha, Justin Broadrick ndi G. C. Green, ndi makina oimba ng'oma m'malo mwa munthu. Chimbale chawo Streetcleaner cha mu 1989 sichithamanga, chimakwawa, besi yake ikukhukhuluza pansi ngati chitseko chachitsulo chokokedwa pa simenti. Birmingham ndi mzinda wa mafakitale, komwenso Tony Iommi wa Black Sabbath anadukira nsonga za zala ziwiri pa makina odindira malata ali ndi zaka 17, n'kudzayamba kumasula nsambo za gitala kuti zisamamupweteke, ndipo mawu ake anatsika n'kulemera. Ndimaona kuti pa kulemera kwenikweni Godflesh imaposa Rammstein. Rammstein ndi chigayo chopakidwa penti, chokhala ndi magetsi ndi moto wa chionetsero. Godflesh ndi chigayo cha usiku mwini wake atapita. Komabe sindikanapirira mphindi ziwiri za Streetcleaner ndikanapanda kuyamba ndaphunzitsidwa ndi Sehnsucht.

Chomwe sindinayembekezere n'chakuti njira imeneyi idzandibwezera kwathu. A Rammstein anadzaza mabwalo ku America, ku Russia, ku Mexico, akuimba Chijeremani, anthu masauzande akufuula mawu omwe sakuwamva. Pamene ine ndinkachita manyazi ndi nyimbo za Chichewa, ndinkaziona ngati za kumudzi. Tsiku lina mu 2010, wailesi ya amalume ikulira pakati pa phokoso la ntchito, anaika Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band. Ndinali nditawamva kambirimbiri ndili mwana. Koma tsiku limenelo ndinamva banjo ikuzungulira pa kachidutswa kamodzi osachoka, besi ya nsambo imodzi ikugunda pansi, ng'oma yopanga pamanja ikuponda molunjika, ndi mawu a bambo wosaona wa ku Thyolo ali pamwamba, okhakhala, osapempha chifundo kwa aliyense. Ndinaima chilili ndi chitsulo m'manja. Kukakamira komwe kuja, kubwereza komwe kuja mpaka thupi ligonje. Kuyambira pamenepo ndinafunafuna Daniel Kachamba, ndinadzakonda babatoni, besi ya nsambo imodzi yopanga pamanja, ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay, ndipo Madalitso Band itatulukira, Yobu Maligwa pa babatoni, Yosefe Kalekeni pa gitala ya nsambo zinayi chidendene chikumenya ng'oma, ndinkauza aliyense wofuna kumva kuti anthu awiriwa ali pafupi ndi Godflesh kuposa magulu ambiri ovala zakuda. Ena amanditsutsa, ndipo ndimamvetsa, chifukwa Madalitso ndi chimwemwe pamene Godflesh ndi mdima. Ine ndikunena za kayendedwe ka injini, osati nkhope ya woyendetsa.

Mu Febuluwale 2011 Rammstein inabwera ku South Africa, ku Cape Town ndi ku Johannesburg. Ndinalibe pasipoti, ndinalibe ya basi. Msuweni wanga uja anapita, ndipo ali mkati anandiimbira foni n'kuikweza m'mwamba. Ndinamva mkokomo wosweka kwa masekondi mwina makumi anayi mayunitsi asanamuthere, ndili chiimire panja pa nyumba mumdima, magetsi atazima dera lonse. Anadzandiuza kuti kutentha kwa moto kumamveka kumaso ngakhale uli kumbuyo kwenikweni. Mpaka pano sindinawaonepo ndi maso.

Mu 2023 kunamveka nkhani za atsikana amene anadandaula za zomwe zinkachitika pa maphwando a Till Lindemann zoimbaimba zikatha. Oimira boma pa milandu ku Berlin anafufuza, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho anatseka kafukufukuyo ponena kuti umboni sunali wokwanira. Ndinakhala miyezi ingapo osaika nyimbo zawo. Ndili ndi mwana wamkazi tsopano, ndipo sindingamve nkhani yotere ngati yakutali. Ndinadzabwerera ku zimbale zakale zija, koma chithunzi cha Till chomwe ndinasindikiza ndili ku koleji ndinachichotsa pakhoma, sindinachibwezeretsenso.

Amalume akalamba, khutu lakumanzere linagontha ndi zaka za makina odulira zitsulo, koma shedi ikadalipo. Mwezi watha ndinapitako ndi foni, ndinawapempha kuti ndijambule phokoso la ntchito yawo, chifukwa ndikuphunzira kulumikiza mawu pa kompyuta ndipo ndikufuna ng'oma yochokera ku nyundo yawo. Anavomera, anamenya ngodya ya felemu ya zenera kasanu ndi katatu, mofanana ndendende. Atamaliza anandifunsa mokweza, monga amalankhulira masiku ano, "Chigayo chako chija chikugayabe?" Ndinawauza kuti inde, anthu ake ndi omwe aja asanu ndi mmodzi kuyambira 1994, palibe anachoka, ndipo chimbale chawo chomaliza, Zeit, chinatuluka mu 2022. Anagwedeza mutu, anatsitsa chigalasi chakuda kumaso, n'kundiuza kuti ndigwire mbali inayo ya felemu ndipo ndiyang'ane kumbali.