Mizere inayi imene sindinaithire inokulanti

Nditatsegula paketi ya inokulanti, ufa wosakaniza ndi mbewu ya soya podzala, ndinakhumudwa pang'ono. Munali ufa wakuda bii, wachinyontho, fungo lake ngati dothi la m'dambo, wosaonetsa n'komwe kuti muli chamoyo. Komatu mu ufa umenewo mumakhala mabakiteriya miyandamiyanda a mtundu wa Bradyrhizobium japonicum, amene amalowa m'mizu ya soya n'kumakoka nayitirojeni wa mumpweya kuti mbewu idye. Mpweya tikupumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitirojeni, koma chomera pachokha sichingamugwiritse ntchito.

Chaka choyamba ndinadzipweteka ndekha. Ndinasakaniza mbewu m'mawa, n'kusiya beseni padzuwa uku ndikumalizitsa mizere, ndipo ndinayamba kudzala dzuwa lili paliwombo. Soya anamera bwinobwino, koma nditazula ndinapeza mizu ili see, timfundo (totupa ta pamizu mmene mumakhala mabakiteriya aja) tiwiri titatu basi. Tizilomboti timafa ndi kutentha komanso kuuma. Ndinali nditatiwotcha tisanalowe n'komwe m'nthaka.

Chaka chachiwiri ndinachita mosamala. Pogula ndinayang'ana tsiku lothera mphamvu, ndinaonanso kuti paketiyo yalembedwa soya, chifukwa inokulanti wa nyemba sathandiza soya. Kunyumba ndinaisunga pozizira, osaitsegula. Mvula itanyowetsa nthaka, ndinakhala pamthunzi ndi beseni louma, ndinawaza mbewu ndi madzi osungunuliramo shuga pang'ono kuti ufa umatirire, kenako n'kuthira ufawo molingana ndi muyeso wolembedwa papaketi. Madzi asachuluke, chifukwa khungu la soya limakwinyika n'kusupuka msanga. Ndinatembenuza ndi manja mpaka njere iliyonse itada, ndinayanika pathumba pamthunzi pomwepo kwa kanthawi, n'kudzala tsiku lomwelo, phando lililonse ndikukwirira nthawi yomweyo. Feteleza wa nayitirojeni sindinathire. Mbewu ikapeza nayitirojeni wambiri m'nthaka imachita ulesi kupanga timfundo, pakuti kudyetsa mabakiteriya kumaidyera shuga wake. Wa fosifolasi yekha ndiye ndinathirako, patali pang'ono ndi njere.

Koma ndisanakhudze ufa uja, manja adakali oyera, ndinali nditadzala kale mizere inayi ya mbewu yosathira kanthu. Ndinachita chimodzimodzi m'minda iwiri: wina sunadzalidwepo soya, wina ndinkadzalamo soya zaka zam'mbuyo. Mizere inayi imeneyo ndi imene inandiphunzitsa zambiri kuposa munda wonse.

Patatha masabata asanu ndi limodzi ndinapita ndi khasu ndi ndowa ya madzi. Osazula ndi manja, timfundo timatsalira pansi. Ndinakumba chomera ndi dothi lake, ndinaviika m'ndowa, dothi n'kusungunuka lokha. M'munda watsopano uja, pa mizere yothira, timfundo tinali mbwee pamutu pa muzu waukulu, pamene panali njere. Ndinadula kamodzi ndi lezala: mkati mofiirira ngati nyama yaiwisi. Kufiirako kumachokera ku leghaemoglobin, yomwe imagwira okosijeni kuti asaononge enzaimu yokoka nayitirojeni. Kakakhala koyera ndiye kuti sikanayambe ntchito kapena sikagwira n'komwe, kobiriwira ndiye kuti kakalamba. Pa mizere yosathira munali pafupifupi mopanda kanthu, masamba ake otuwa.

M'munda wakale zinali zina. Mizere yothira ndi yosathira, timfundo tofanana, masamba ofanana. Ndinayamba kuganiza kuti paketi inali yakufa, koma inali imodzimodzi ndi imene ndinathira m'munda watsopano. Yankho lake linali eni nthaka.

Dothi lomatirira kumuzu si malo opanda mwini. Mu galamu imodzi ya dothi mutha kukhala mabakiteriya ofika mabiliyoni, a mitundu masauzande, kuphatikizapo mafangasi ndi tizilombo tina timene timadya mabakiteriyawo. Mizu imatulutsa shuga ndi timadzi tina, choncho onsewa amaunjikana pamenepo kulimbirana chakudya. Lorenz Hiltner ndiye anatcha kadera kameneka rhizosphere mu 1904, ndipo ndi yemweyo amene pamodzi ndi Friedrich Nobbe anayambitsa Nitragin, inokulanti woyamba kugulitsidwa, m'zaka za m'ma 1890. Ndiye mabakiteriya a m'paketi amafika ngati alendo pamudzi wodzaza kale. Anakulira mufakitale, chakudya chili pakamwa, pamene eni nthaka anazolowera chilala, asidi ndi adani a pamalopo.

Muzu wa soya umatulutsa mankhwala oitanira, bakiteriya woyenera amayankha ndi ake, katsitsi ka muzu kamapindika n'kumulowetsa. Amene wafika msanga ndiye amatenga malo, ndipo muzu susankha wakhama yekha. Kumene soya sanadzalidwepo, kawirikawiri kulibe woyankha kuitanako, motero mlendo amalowa popanda mpikisano. Kumene soya anakhalapo, oyankha alipo kale. Ofufuza a ku Hawaii, Thies, Singleton ndi Bohlool, anapeza mu 1991 kuti mabakiteriya oyenerera mbewuyo akangofika 50 okha pa galamu ya dothi, phindu la inokulanti pa zokolola limatha kuzimiririka. Makumi asanu okha! M'munda wanga wakale uja, mwina amene ankagwira ntchitoyo anali zidzukulu za alendo akale.

Apa ndi pamene funso langa linatembenuka. Poyamba ndinkaopa kuti kuthira tizilombo tachilendo kupha ta m'nthaka mwanga. Amati mlendo ndi mame, ndipo nthawi zambiri ndi mmene zimakhaliradi. Chiwerengero cha othiridwawo chimatsika pakapita masabata kapena miyezi, ena adyedwa, ena afa ndi njala. Pa kanthawiko amasinthadi zinthu pafupi ndi muzu. Mitundu ina imachuluka, ina imachepa, mwina chifukwa cholandidwa chakudya, mwinanso chifukwa chomera chodya bwino chimatulutsa timadzi tosiyana. Ena mwa mabakiteriya ogulitsidwa, monga Bacillus ndi Pseudomonas, amatulutsanso mankhwala olepheretsa mafangasi, ndipo mankhwalawo sadziwa kusiyanitsa fangasi woononga ndi wosalakwa.

Koma si mame onse amene amakamuka. Ku New Zealand, m'munda wa Lotus, chomera cha m'gulu la nyemba, umene unathiridwa mtundu umodzi wokha wa bakiteriya, ofufuza analengeza mu 1995 kuti patapita zaka anapeza m'timfundo mabakiteriya ena a m'nthaka momwemo, amene kale sankatha kupanga timfundo, atatengera majini (malangizo achibadwa a m'thupi) a mlendo uja. Mlendo anasiya luso lake pamudzi. Nkhani imeneyi imandichititsa kuti ndisamagule paketi iliyonse yolonjeza zodabwitsa, makamaka zija zosalemba n'komwe dzina la bakiteriya amene ali mkatimo. Chimene wathira m'nthaka sungachitolenso.

Pokolola, munda watsopano unasiyana poyera: mizere inayi ija inali yofupika, makoko ochepa. M'munda wakale sindinathe kuloza ndi maso kuti yosathira yayambira pati, mpaka ndinachita kufufuza zikhomo zimene ndinakhoma. Chaka chino munda watsopano uja ulowa chimanga, ndipo soya akadzabwereramo ndidzasiyanso mizere inayi pamalo ena, ndione ngati alendo aja anakhazikika. Zotsalira za soya ndazikwirira momwemo, sindinawotche.