Mimba ya achimwene, kumeneko sikunali kulodzedwa

Miyezi inayi yathunthu achimwene anga akhala akubuula ndi m'mimba. Kupweteka kwake kopotokola, usiku mpaka kugubuduzika pa mkeka atagwira pamchombo, kuchimbudzi osapita masiku anayi kaya asanu. Kuchipatala anati ndi zilonda za m'mimba nkuwapatsa omeprazole, koma olo pang'ono kusintha. Kwathu cha ku Kamwendo anthu anali atayamba kale zoti awalodza poti mtedza wawo unachita bwino chaka chino.

Anatitsegula maso ndi dokotala wina ku Lilongwe. Ataona kuti magazi ndi ochepa, munthu watumbuluka koma malungo alibe, anawauza ayasamule. Ine ndinali pompo, ndinaona ndi maso angawa kamzere kakuda m'nkhama, mphepete mwenimweni mwa mano. Kenako funso: bambo, kupatula mankhwala athuwa mukumwanso chani? Achimwene zii, maso pansi. Alamu ndi amene anatulutsa kabotolo m'chikwama, kaufa kofiirira kopanda dzina, kogula kwa mavenda pa depoti ati kopatsa mphamvu. Amathira mu tiyi m'mawa uliwonse chiyambire nthawi yolima.

Atayeza magazi anapezamo mtovu, chitsulo cholemera chija chimakhala m'mabatire a galimoto. Ukalowa m'thupi umalepheretsa magazi kupangika bwino, umamanga matumbo nde kupotokola kuja, wina umakabisala m'mafupa zaka ndi zaka, ndipo ukachuluka umaononga impso ngakhale kufooketsa manja mpaka dzanja kumangolendewera. Sizachilendo ayi. Ku Leipzig, Germany mu 2007 anthu anagonekedwa m'zipatala atasuta chamba chomwe ogulitsa anathiramo mtovu kuti chizilemera pa sikelo, ku Iran mu 2016 zinachitikanso ndi mankhwala ozunguza bongo otchedwa opium. Ambiri ankafika akudandaula m'mimba momwemu.

Chimandiwawa nchoti miyezi yonseyo palibe anawafunsa za kabotoloko, iwonso ndi manyazi sakananena okha, ndalama ya mtedza nkumangothera ma transport. Ndipo kamakhala pa windo pomwe ana amafikira, mwana mtovu umamuononga ubongo ngakhale utakhala wochepetsetsa.

Pano anasiya, anawapatsa mankhwala omwe amagwira mtovuwo nkuutulutsira mu mkodzo. Dzulo adya nsima mitanda iwiri koyamba chiyambireni kudwala. Lolemba alamu akupita ndi ana onse atatu kuti nawonso akayezedwe.