Lolemba kukhoti: ogwidwa mapepala awo ali m'njira

Nthawi ya 8 koloko isanakwane, mabenchi a khoti la majisitireti kuno ku Gauteng, m'dziko la South Africa, anali atadzaza kale. Lolemba limatero. Munthu wogwidwa pa nkhani ya mapepala ayenera kuonekera pamaso pa majisitireti pasanathe maola 48, koma maolawo akathera Loweruka kapena Lamlungu, amadikira tsiku lotsegulira khoti. Ndiye onse a kumapeto kwa sabata amabwera pamodzi. Zoonekera msangazi zidabwera ndi chigamulo cha 2017 cha Constitutional Court, khoti lalikulu kuposa onse m'dziko lino, pa mlandu womwe a Lawyers for Human Rights adasumira nduna ya za m'dziko (Home Affairs). Kale munthu ankatha masiku 30 m'chitokosi majisitireti osamuona.

Ambiri a lero sanali alendo obwera dzulo. Mayi wina wakhala kuno zaka zoposa khumi, mwamuna wake ndi mbadwa ya dziko lino. Adapempha viza yatsopano ku VFS, kampani yolandira mapempho a viza m'malo mwa Home Affairs, yakale isanathe, yankho silinatulukebe. Apolisi atamuimika pa renki, lisiti inali kunyumba m'sutikesi. Lisiti ya VFS si viza ayi, koma imaonetsa tsiku lomwe munthu adapereka pempho, ndipo nambala yake ndi yomwe ofesala wa imigireshoni amafufuzira. Gawo 41 la Immigration Act ya 2002 limalola kusunga munthu pamene akutsimikiza zimenezi. Achibale adafika ndi pasipoti, lisiti yeniyeni ndi setifiketi ya ukwati, nkhani yake idapepuka.

Ya bambo wina wogwira ntchito m'gadeni ndiye inali yolimba. Nayenso ali ndi lisiti, koma adapempha viza yake itatha kale. Apa mpomwe ambiri amagwera. Viza ikatha, munthu ayambe wapita ku ofesi ya imigireshoni kukafotokoza chomwe chidamuchedwetsa, ndi umboni, monga kalata yachipatala. Akamumvera amamupatsa Form 20, yomulola kukhala m'dziko podikira yankho. Popanda fomuyo, lisiti payokha siimuteteza. Madobadoba otenga ndalama za anthu sauza makasitomala awo zimenezi.

Masana achibale anali ndi funso limodzi: tsopano apita kuti? Njira ndi ziwiri. Wozengedwa mlandu pa gawo 49 akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala kundende, osapitirira zaka ziwiri, kenaka nkuthamangitsidwa. Wosungidwa pa gawo 34 amapita ku Lindela, malo osungira oyembekezera kuthamangitsidwa a ku Krugersdorp, kukadikira ulendo wakumudzi. Kumeneko malire ndi masiku 30. Khoti lokha ndilo lingawonjezere, osapitirira masiku ena 90. Onse pamodzi 120. Lembani tsiku lomwe adagwidwa, chifukwa kuwerenga masikuwo kumagwera achibale ndi loya.

Chinthu china chomwe anthu amachiphonya chifukwa cha mantha ndi fomu yomwe ofesala amapereka akanena kuti munthu alibe chilolezo. Gawo 8 limamupatsa masiku atatu okha olembera nduna kuti iunikenso chiganizocho, ndipo akalemba sayenera kuchotsedwa m'dziko nduna isanayankhe. Wosayina kuti akungodikira basi yomubweza kwawo, asanawerenge, wadzitsekera khomo yekha. Womasulira ndi ufulu wake, ampemphe. Wopanda ndalama ya loya auze majisitireti kuti akufuna Legal Aid, thandizo la loya waulere.

Ena amati bola angodzigulira tikiti nkudutsa pa Beitbridge, chipata cha malire ndi Zimbabwe. Aganize kawiri ngati viza idatha. Wopitirira osaposa masiku 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, woposa pamenepo zaka zisanu, ana ndi lendi zili kuno.

Khoti lidaweruka cha m'ma 4 koloko. Mlandu wa bambo wa m'gadeni uja auimitsa kuti ofesala abweretse zomwe wapeza m'kompyuta, ndipo mkazi wawo mawa akatenga makalata kwa abwana ndi kusukulu ya ana.