Majekete a chilembo amene timasoka ku South Bend

Ine ndi akazi anga tili ndi kashopu ka utelala kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Utelala ndinauphunzira pakhonde la sitolo ku Limbe, ndipo titafika kuno tinayamba ndi kupinda mathalauza komanso kusokera Amalawi anzathu zovala za chitenje zopita nazo ku ukwati. Koma ntchito imene ikutidyetsa lero ndi ya majekete a ana a sekondale osewera mpira wa kuno, uja wothamanga nawo m'manja atavala zipewa zolimba.

Mwana akasewera bwino mu timu yaikulu ya sukulu, sukuluyo imam'patsa chilembo choyamba cha dzina la sukuluyo, chopangidwa ndi ulusi wofutukuka wa chenille. Jekete amagula ndi makolo. Thupi lake limakhala la ubweya wa nkhosa, mikono yake yachikopa, ndipo mitundu yake ndi ya sukulu. Mwambowu unayambira ku yunivesite ya Harvard mu 1865, pomwe timu ya baseball inasokera chilembo cha H pa zovala zake. Ife ntchito yathu ndi kusokera chilembocho pachifuwa chakumanzere, dzina la mwana kumanja, chaka chomalizira sukulu pamkono, kenako zigamba za chipambano.

Zigambazi ndi zimene zimabweretsa anthu mobwerezabwereza. Kuno ku Indiana timu iliyonse imalowa nawo mu mpikisano wa chikho ngakhale itagonja chaka chonse. Amayamba mu Okutobala, Lachisanu lililonse usiku, kudutsa ndime za sectional, regional ndi semi-state, mpaka ndime yomaliza pa bwalo la Lucas Oil ku Indianapolis kumapeto kwa Novembala, tchuthi cha Thanksgiving chitangopita. Ndime iliyonse ili ndi chigamba chake. Mayi amene anabwera ndi chigamba chimodzi sabata ino mumadzamuonanso sabata ziwiri zikubwerazo ali ndi china, akumwetulira asanatsegule n'komwe chitseko.

Chikopa sichikhululuka. Pansalu mukhoza kusomphola n'kuyambiranso, koma pachikopa bowo la singano limatsalira mpaka kalekale. N'chifukwa chake pamkono sitibayapo mapini. Timayeza, kugwiriza chigamba ndi tepi, kenako mwini wake avale aimirire pagalasi, avomereze yekha. Akazi anga amayamba asomphola nsalu ya m'kati kuti ulusi usaonekere jekete ikavulidwa, n'kudzaibwezera pamanja. Zimatitengera nthawi, ndipo ena amatiuza kuti tizingosoka modutsitsa, koma ife sitilola. Jekete yotere munthu amaisunga zaka 30.

Ndikutero chifukwa zakalezo zimatipeza. Kufupi ndi ife, ku Mishawaka, kuli sukulu ya Penn, imene inatenga chikho cha chigawo mu 1983, kenako zaka zitatu zotsatizana, 1995, 1996 ndi 1997, n'kudzatenganso mu 2000, zonsezi ali ndi mphunzitsi wa timu Chris Geesman. Anyamata a nthawi imeneyo pano ndi abambo a imvi za apo ndi apo. Wina anabwera ndi jekete yake yakuda ili m'pepala la pulasitiki, njenjete zitaboola kolala, malaba a m'manja atatha mphamvu, mabatani awiri atathothoka. Sanayambe n'kufunsa mtengo. Anaiyala patebulo n'kuyamba kuloza chigamba chimodzichimodzi: apa kunagwa chipale chofewa, apa mnzake anathyoka mwendo, apa ndi pa RCA Dome, bwalo limene analigwetsa mu 2008. Makina tinazimitsa, tinangokhala n'kumamvetsera.

Ndinam'funsa ngati akufuna chilembo chatsopano, poti chakalecho chinali chitafiira m'mbali. Anakana kwamtuwagalu. Anati tikonze zonse koma chilembo ndi zigamba tisazikhudze, chifukwa mwana wake wamkazi akufuna kuvala jeketeyo ku masewero a Lachisanu. Tinasintha kolala ndi malaba, kupaka chikopa mafuta, n'kuika mabatani ofanana ndi akale. Kuyambira pamenepo, jekete yakale ikabwera timayamba tafunsa chimene mwini wake sakufuna kuti chisinthe, n'kuchilemba pa lisiti.

Disembala ndiye sitigona, poti makolo ambiri amafuna jekete ikhale mphatso ya Khirisimasi. Zitenje za abale athu timaziimika kaye, ndipo iwo anazolowera, amabweretsa zawo Okutobala asanathe. Makolo a ana amene angolandira chilembo choyamba timawalangiza kuti agule jekete yokulirapo pang'ono, chifukwa mnyamata wa zaka 15 amene akunyamula zitsulo tsiku ndi tsiku mapewa ake sachedwa kukula, komanso asiye malo kumsana ndi pamkono wakumanzere oti tidzasokepo zigamba za zaka zotsalazo.