Zoti ndinkakhwima ku Chikanda n'zabodza

Inu amene mukufalitsa pa WhatsApp kuti ndinagwidwa ndikukonzera anthu manda, imvani kwa mwini nkhani.

Magetsi anali atazima, mapepala atandithera, mayeso a masamu ali m'mawa mwake. Munthu wanzeru akanatani? Ndinatenga khala n'kuyamba kujambula pasimenti. Zinthu zinayi zimasanjika m'njira 24, ndipo kuti umvetse gulu la masanjidwe amenewa, lomwe timalitcha S4, umagawa 4 m'njira zake zisanu: 4, 3+1, 2+2, 2+1+1 ndi 1+1+1+1. Njira iliyonse umaijambula ngati timabokosi tondandalika m'mizere. Poti manambala amandisokoneza, m'timabokosimo ndinalemba mayina a anthu a pakhomopo: alandilodi, amuna awo, mwana wawo ndi ineyo. Mumve bwino, dzina langa linalimonso.

Kutentha kwa Okutobala ku Zomba mukukudziwa, ndiye malaya ndinali nditavula. Kandulo ili pakona, ine chogwada, ndikuloweza mokweza kuti x+y+z+w sasintha ngakhale usinthanitse zilembo. Alandilodi aja anakankha chitseko kudzafunsa za lendi pa nthawi yeniyeni imene ndinkanena kuti, "Tikachotsa mayi n'kuikapo bambo, palibe chimene chisinthe."

Anaima. Anayang'ana dzina lawo m'kabokosi. Anayang'ana kandulo. Anayang'ana mimba yanga yopakika makala, n'kubwereranso ku dzina lawo, lomwe mwatsoka ndinali nditalikhwatcha. Ine khala lili m'manja, pakamwa yasa. Ngakhale udzudzu unasiya kulira. Mfuu imene anakuwa ndikhulupirira anaimva a ku Chinamwali, mwinanso ogulitsa mbatata pamwamba pa phiri.

Posakhalitsa panafika mkulu wa mpingo, tochi m'manja. "Mwana wanga, manda awa ndi a yani?"

"Si manda, bambo, ndi masamu. Onani ka 2+2 aka. M'kabokosi kalikonse mumawerenga iko komwe, a kumanja kwake ndi a pansi pake. Mupeza 3, 2, 2, 1. Mukachulukitsa ndi 12, ndipo 24 kugawa ndi 12 ndi 2. Zithunzi zonse zisanu zimapereka 1, 3, 2, 3, 1. Iliyonse muichulukitse ndi iyo yomwe, muphatikize, 24 uja wabwerera!"

Ndinayankhula monyadira, chifukwa kunena zoona chinthuchi n'chokongola. Iwo anangogwira mawu amodzi: "Wabwerera ndani?"

Ndinayesa kudziteteza kuti amene anatchukitsa timabokositi, Alfred Young, anali m'busa wa Anglican ku England. Akuluwo anapukusa mutu. "Abusa enanso, mwana wanga, sitiwadziwa bwino."

Anathira madzi a mchere pasimenti ponse, homuweki yanga n'kutsikira kukhonde. Mayi aja mpaka lero akandipatsa moni amaima patali, ndipo mwana wawo anamuletsa kudzandifunsa masamu.

Pamayeso anafunsa za S5, ya masanjidwe a zinthu zisanu, yomwe ili ndi zithunzi zisanu ndi ziwiri. Pakhomo paja tinalipo anayi okha.