Fedulo ya ku India: mphamvu za zigawo zimathera pati?

Sabata ino m'phunziro la malamulo oyendetsera dziko tinali pa India, dziko limene katswiri wa zandale K.C. Wheare anati fedulo yake ndi yatheka chabe. Ndaona kuti sanalakwitse, koma nkhaniyi ili ndi mbali ina.

Papepala mphamvu zinagawidwa bwino ndithu. Malamulo a 1950 ali ndi mindandanda itatu: za boma lalikulu ku New Delhi monga asilikali, za zigawo monga apolisi ndi ulimi, ndiponso za onse awiri. Koma pamndandanda wachitatuwu, malamulo akasemphana limaima ndi la New Delhi. Maphunziro anali m'manja mwa zigawo mpaka 1976, pamene anawasamutsira pamndandanda umenewu.

Chomwe chandidabwitsa kwambiri ndi ndime 3 ya malamulowa. Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse ikhoza kudula chigawo pakati kapena kusintha malire ake. Eni chigawo amangofunsidwa maganizo, ndipo palibe chokakamiza kuti awamvere. Mu 2014 aphungu a ku Andhra Pradesh anakana kuti chigawo chawo chigawidwe, koma chigawo chatsopano cha Telangana chinabadwabe. Ku United States zimenezi sizingatheke popanda chigawocho kuvomera.

Ndiye pali ndime 356, yolola Pulezidenti kuchotsa boma la chigawo n'kuika ulamuliro m'manja mwa New Delhi. Mu 1959 boma la achikomyunizimu la E.M.S. Namboodiripad ku Kerala linachotsedwa motere, chikhalirecho linali ndi aphungu okwanira. M'zaka zotsatira ndimeyi inasanduka chikwapu chokwapulira zipani zotsutsa. Bwanamkubwa wa chigawo, yemwe amalemba lipoti loti chigawo chasokonekera, amasankhidwa ndi Pulezidenti, osati anthu a m'chigawomo. Nanga ameneyo angalembe zokhumudwitsa omwe anamuika pampando?

Zinthu zinasintha mu 1994 pamlandu wa S.R. Bommai, yemwe boma lake ku Karnataka linachotsedwa mu 1989. Khoti lalikulu linagamula kuti makhoti akhoza kuunika chiganizo chotere, komanso kuti ngati pali kukayika zoti boma lili ndi aphungu okwanira, awerengedwe m'nyumba ya malamulo momwemo. Mawu a ndime 356 sanasinthidwe ndi chigamulochi, koma kuchotsa maboma mwachisawawa kunachepa. Apa m'pamene ndikuona kuti tikamakangana za fedulo kuno kwathu timathera nthawi pa malire a zigawo, osafunsa kuti adzaweruze ndani boma lalikulu likapyola malire.

Pandalama pakufunika kuwerengera bwino. M'khonsolo ya msonkho wa pa katundu ndi ntchito (GST), umene unayamba mu 2017, voti ya boma lalikulu ndi gawo limodzi mwa atatu, zigawo zonse pamodzi magawo awiri otsalawo, ndipo chiganizo chimadutsa chikapeza magawo atatu mwa anayi. Zigawo zonse zitagwirizana sizingadutsitse kanthu New Delhi ikakana. Nayonso New Delhi payokha siingadutsitse kanthu, iyenera kunyengerera zigawo zambiri ndithu.