Eriyo ya amalume ku Bembeke

Amalume anga ku Bembeke wailesi ndi mnzawo weniweni, m'mawa kuzizira konse kuja iwo ali kale pakhonde ndi chikhoti akumvera nkhani. Vuto linali loti steshoni imodzi ikamamveka bwino, akangopotokola kupita ina ndiye shwaaa basi. Ndiye anakoka waya wamamita ngati 10 kumangirira pansungwi, ati kutalikako ndiye mphamvu.

Ndinawauza kuti "amalume, wayayu musawonjezerenso, tiyeni timudule." Anandiyang'ana nthawi yaitali koma anavomera.

Nkhani yake ili apa. Funde la wailesi limabwera ndi mphamvu ziwiri zopingasana, ya magetsi ndi ya maginito, likuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi, zomwe wasayansi Heinrich Hertz anaonetsa ku Germany mu 1887 ndi 1888. Likamenya eriyo limakankha karenti kupita uku kubwerera uku, pa FM ndi maulendo pafupifupi 100 miliyoni pa sekondi imodzi yokha. Ine ndimaziona ngati madzi a m'bafa ukaligwedeza, pakati mpomwe madzi amathamanga kwambiri koma kumapeto amangounjikana poti alibe kopita. Mu eriyo ndi chimodzimodzi, karenti yambiri ili pakati, kumapeto kulibe, kuli voteji yokha. Nchifukwa chake kebulo timailumikiza pakati, ndipo utali uyenera kugwirizana ndi fundelo kuti kugwedezako kuziyenda limodzi.

Masamu ake ndi apa ndimawakonda. FM imayambira 87.5 kufika 108 MHz (MHz imodzi ndi maulendo miliyoni imodzi pa sekondi). Pa 98 funde ndi lotalika mamita atatu ndi pang'ono, eriyo imafuna theka lake kuchotsako pang'ono, masentimita 146, kutanthauza 73 mbali iyi 73 mbali inayo. Koma 88 ikufuna 162 pomwe 108 ikufuna 132, kusiyana masentimita 30 athunthu, ndiye eriyo imodzi ikwanitsa bwanji zonsezi?

Yankho ndi kunenepa kwa chitsulo. Kawaya koonda kamasankha, ukangochoka pa steshoni yogwirizana ndi utali wake kayamba kubweza mphamvu m'malo moipereka ku wailesi. Paipi yonenepa ndi yololera, imalandira pansi ndi pamwamba pomwe. Ndipo zoti mkati ndi mwa mphako zisakudetseni nkhawa, karenti ya mafunde amenewa imangoyenda pakhungu pa chitsulo, kakhungu koonda kuposa tsitsi.

Ndinadula mapaipi awiri a aluminiyamu, ndinawakhomera pathabwa ndi kampata ka zala ziwiri pakati, ndinapala polumikiza mpaka kuwala, nkumanga kebulo ya TV ya 75 ohm ija (ohm ndi muyeso wa momwe chinthu chimakanira karenti), yomwe imagwirizana bwino ndi eriyo yotere poti nayo ili cha m'ma 73 ohm. Tinakweza pansungwi yomweyo patali ndi malata, ine ndikutembenuza pang'onopang'ono mbali ya phiri la Dedza, iwo ali pansi wailesi ili kukhutu, mpaka anakuwa kuti "ima pomwepo mphwanga, usagwedezenso!"